Cataldo Anachinya Mlamu Wake

Mlongo wanga Cataldo anachoka pakhomo ali ndi zaka khumi ndi zisanu, atavala jekete ya abambo imene amayi anachita kuipinda manja. Anadzamutenga anthu a timu ina yaikulu ya kumpoto, imene sindiitchula dzina chifukwa mpaka lero ikamatchulidwa pa wailesi ndimatseka. Anamuona akusewera pabwalo lafumbi kuseri kwa tchalitchi cha kwathu ku Torrecupa, kamnyamata koonda ngati bango, kakuthamanga m'mbali mwenimweni mwa mzere, mpira utamatirira kuphazi lamanzere.

Ankasewera kuphiko lakumanja, namba seveni. Njomba yake inali imodzi yokha. Wotchinga akamuyandikira, Cataldo ankagwetsa phewa ngati akupita kunja, munthu uja n'kutsatira phewalo, iye n'kulowa mkati. Aliyense ankadziwa kuti achita zimenezo, koma aliyense ankagwa nazobe.

Abambo athu, a Oronzo, ankagwira ntchito yodulira mitengo ya maolivi m'minda ya eni ake. Sanali munthu woyamikira. Tsiku lonyamukalo anangoti, "Usakatichititse manyazi," n'kubwerera kumunda.

Ife tinkaganiza kuti tizimuonera pa kanema Lamlungu lililonse. Sizinatero. Timu yaikuluyo inamumanga ngati mbuzi pachingwe, osamumasula, komanso osamufuna m'khola mwake. Chaka chilichonse ukafika mwezi wa Ogasiti inkamubwereketsa ku timu ina yaing'ono. Chaka chino kumapiri, chaka chamawa ku chilumba cha Sardinia, kenako m'tauni ina ya nkhungu imene amayi sankatha n'kuitchula komwe. Zovala zake zinkakhala m'chikwama nthawi zonse. Ndipo kochi aliyense ankamulandira ndi mawu omwewo: "Njombazo ukachitire kwanu. Kuno ukaluza mpira uzibwerera kudzatchinga."

Ankandiimbira foni kudzadandaula.

"Achemwali, kuno andisandutsa mlonda."

"Ndiye londa, bola ukudya."

"Ine sindinabadwire kuthamangitsa anthu. Anthu ndiwo azindithamangitsa ine."

"Kawauze akochi akowo, osati ine."

Ankawauzadi, ndipo n'chifukwa chake theka la zaka zakezo analithera pabenchi.

Jezi ya timu yaikuluyo anaivala kamodzi kokha mu ligi yaikulu. Tauni yonse inadzazana m'bala ya pamsika kudzaonera, abambo atakhala kutsogolo ndi malaya akutchalitchi. Anamulowetsa masewero atatsala pang'ono kutha. Anathamanga uku ndi uku, akukweza dzanja kupempha mpira, ndipo pamene mpira unkamufika, woyimbira anaimba wezulo. M'balamo anthu anaombabe m'manja. Abambo anaimirira, n'kuvala chipewa, n'kunena kuti, "Ndasiya ntchito yanga chifukwa cha zimenezi?"

Chaka chotsatira mtsempha wa m'bondo unaduka. Atachira, timu yaikulu ija inamumasula, ndipo anapitiriza kuyendayenda yekha.

Ine m'zaka zimenezo ndinakwatiwa ndi a Saverio, goloboyi wa timu ya Casalvento, tauni yoyandikana nafe, imene nsanja yake timaiona tikaima pakhonde la tchalitchi chathu. A Saverio anali munthu wofatsa, wa manja ngati mafosholo. Sanapite nawo patali mpira ndipo sankadandaula. Timu yawo ndi ya kwathu zonse zinali mu ligi yachitatu, kumene wosewera amalandirabe malipiro okwana kulera banja. Pansi pa ligi imeneyo mpira umaseweredwa ndi anthu amene m'mawa amakhala ataphika buledi kapena kumanga nyumba. Tinkakhala ku Casalvento komweko, ndi ana athu awiri.

Cataldo anabwerera kwathu tsitsi litayamba kuthothoka pamphumi. Anamuitana ndi Don Achille Scarano, mwini wake wa fakitale ya simenti komanso wa timu ya Torrecupa. Anamulandira ndi bandi ya tauni, ameya analankhula, ndipo anyamata anajambula nkhope yake pakhoma lonse la pamsika, mphuno ataikulitsa pang'ono. Kochi wa pano anali nkhalamba yotopa imene inangomuuza kuti, "Ima kuphiko uko, uzichita zako." Kwa nthawi yoyamba chichokereni pakhomo, panalibe womuuza kuti abwerere kudzatchinga.

Chaka chimenecho anasewera mpira umene anthu akanamaukambabe mpaka pano, zikanakhala kuti chinatha mwanjira ina. Liwiro linali litachepa, koma phewa lija linkagwirabe ntchito. Azimayi okalamba amene sanapondepo pabwalo la mpira ankamuimitsa pamsewu kumupatsa tchizi. Ananenepa pang'ono. Ankaseka.

Abambo okha ndiwo sanapiteko. Pa nthawiyi anali atafa ziwalo mbali imodzi, pakamwa patapotoka, akuyendera chikuku. Ankati safuna anthu awaone akukankhidwa ngati ngolo ya masamba. Ankamvera pa wailesi m'khitchini, ndipo Cataldo akabwera ankangomuuza zimene walakwitsa.

Masewero omaliza a chaka anali a Torrecupa ndi Casalvento, pabwalo la kwathu. Torrecupa inali itapulumuka kale, inalibe chopeza kapena chotaya. Casalvento inkafunika kungofanana mphamvu kuti isatuluke mu ligi. Zikakhala chonchi, kuno palibe amene amachita kulemba kanthu kapena kupereka kanthu. Eni matimu amamwera khofi limodzi, n'kufunsana za ana, basi. Chaka chino ndi iwo, chaka chamawa ndi ife. Aliyense ankadziwa kuti Lamlungulo zithera ziro kwa ziro.

Lachinayi la sabata imeneyo tinakadya kwa amayi.

"Alamu," anatero a Saverio akunyema buledi, "Lamlunguli bondo lija mulisamale. Pabwalo pauma."

"Bondo lili bwinobwino," anayankha Cataldo.

"Sindikunena za bondo."

"Ndamva, alamu, ndamva. Don Achille andiuza, akochi andiuza, wometa tsitsi wandiuza lumo lili pakhosi. Mwatsala inu ndi wansembe."

"Wansembeyo kwawo ndi kwathu ku Casalvento. Akuuzani Loweruka."

Tonse tinaseka. Cataldo anawathirira vinyo a Saverio n'kunena kuti, "Inu bwerani ndi nyuzipepala muzidzawerenga pagolopo. Palibe akusokonezeni."

Apo ndi pamene abambo anagogoda patebulo ndi dzanja lawo labwino.

"Lamlungu munditengere ku bwalo."

"Mukaonako chiyani, bambo inu, ndi dzuwa limeneli?" anatero amayi.

"Mwana wanga wakalamba akusewera mpira, ine osamuonapo ndi maso angawa. Mukufuna ndikamuonere kumanda?"

"Ababa," ndinatero ine, "Lamlungu lino si labwino. Dikirani chaka chamawa."

"Chaka chamawa ndi chako iwe, Imma. Ine ndilibe."

Abambo ankadziwa zonse. Munthu wobadwira ku Torrecupa sakanalephera kudziwa mtundu wa masewero amene ankapempha kukaonera. Ndinayang'ana Cataldo, iye anali akuyang'ana m'mbale.

Lamlungu ndinawakankha ndine. Alonda a pabwalo anatilola kuika chikuku pafupi ndi waya, m'mbali mwa mzere, malo amene olumala amakhala. Bwalo linadzaza ngati pachikondwerero. Ochemerera a matimu onse awiri ankaponyerana mabanzi ndi malalanje, akuimba nyimbo zotukwana matimu a kumpoto. Pabwalopo mpira unkangoyenda kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo, kubwerera kumbuyo, kupitanso m'mbali. Wina akamenya cholunjika kugolo, ankamenya m'mwamba dala n'kugwira kumutu ngati wadandaula. A Saverio ankachita kuyasamula.

Chigawo choyamba abambo anakhala duu. Chigawo chachiwiri matimu atasinthana magolo, Cataldo anabwera mbali yathu, akuthamanga pafupi kwambiri moti tinkamva kupuma kwake. Abambo anayamba.

"Namba seveni! Ukudikira basi pamenepo?"

Mawu awo ankatuluka mopotoka, koma anali aakulu. Anthu okhala kumbuyo kwathu anaseka.

"Ababa, chonde," ndinawanong'oneza.

Mpira unafika kwa Cataldo. Anauimitsa, n'kuubweza kumbuyo.

"Taonani! Akuyenda chammbuyo ngati nkhanu! Kumpoto kuja anakuphunzitsa zimenezi?"

Chiseko chinakula. Wina anakuwa kuti, "Auzeni, a Oronzo!" Abambo anali asanakhalepo ndi gulu lowamvera chidwalireni, ndipo ndinaona kuti akukomedwa nazo. Cataldo sanacheuke, koma khosi lake linafiira mpaka m'makutu.

Abambo anapitiriza choncho nthawi yaitali. Masewero atatsala pang'ono kutha, mpira unatuluka pafupi ndi ife ndipo Cataldo anabwera kudzautola pawaya. Anaweramira pamaso penipeni pa abambo. Iwo sanakuwe ulendo uno. Analankhula ngati mmene ankalankhulira patebulo.

"Tsopano ndamvetsa chifukwa chake anakubweza."

Cataldo anauponya mpira kwa mnzake, mnzakeyo n'kumubwezera. Kutsogolo kwake kunali mnyamata wa Casalvento amene ankabwera kunyumba kwathu kudzadya. Mnyamatayo anamuyandikira mwaulesi, akumwetulira. Phewa linagwa. Mnyamata anapita kunja, Cataldo analowa mkati.

"Iwe, wapenga?" anakuwa kaputeni wa Torrecupa. "Bweza! Bweza mpira!"

Wachiwiri anabwera mothamanga zenizeni, koma anali atachedwa, anatsetsereka n'kukagwera uko. Wachitatu anamugwira jezi, Cataldo n'kumusiya nacho chidutswa m'manja. Ndinaona mlongo wanga akuthamanga ngati mmene ankathamangira kuseri kwa tchalitchi, mutu uli pansi, ndipo kwa kamphindi mtima wanga unakondwa ndisanakumbukire amene anaima kutsogolo kwake.

A Saverio anatuluka pagolo manja atatambasula. Sanatambasule ngati goloboyi, anatambasula ngati munthu wofunsa. Amene anali kuseri kwa golo amati anamva akunena kuti, "Alamu!" Mpira unadutsa pakati pa miyendo yawo n'kukagwedeza ukonde.

Sindinamvepo bwalo lodzaza anthu litakhala chete chotero. Palibe anamuthamangira Cataldo. Iye sanakweze manja. Anangotembenuka n'kuyang'ana kumene kunali chikuku.

Zimene zinatsatira zinali zochititsa manyazi kuposa chigolicho. Osewera a Torrecupa anatsegula njira kuti anzawo abweze. Otchinga ankagwa okha, goloboyi wa Torrecupa anaima kumbali ngati akudikira chenji. Koma anyamata a Casalvento miyendo inali itawalemera ndi mantha. Wina anamenya m'mwamba, ulendo uno osati dala. Wina anamenya chitsulo golo lili pululu. Woyimbira anawonjezera nthawi mpaka anachita nayo manyazi, kenako anaimba. Casalvento inatuluka mu ligi.

Cataldo anachoka pabwalo apolisi akumuteteza. Amene ankamugenda ndi mabotolo sanali a Casalvento okha.

Anabwera kwa amayi madzulo dzuwa lisanalowe, chilonda chili pachipumi. Ine ndinali pomwepo, nditangowafikitsa abambo. Anaima pakhomo la khitchini ngati mwana wobwera ndi zotsatira za mayeso.

"Mwaona, ababa?"

Abambo anamuyang'ana.

"Anakutuma ndani?"

"Inu munati..."

"Ine ndimangolankhula! Nkhalamba yapachikuku imalankhula, ndiyo ntchito yatsala. Munthu wamkulu ngati iwe sudziwa kusiyanitsa phokoso langa ndi mawu a Don Achille? Wamulanda mlamu wako chakudya pakamwa. Watichotsa ulemu m'tauni muno. Mawa ndituluka bwanji panja?"

"Chigolicho mwachiona?"

"Ndachiona. Ukanachinya chotero kumpoto, pamene chinkafunika."

Cataldo anatuluka. Ine ndinamutsatira mpaka pamsewu, ndipo sindinamutsatire kukamutonthoza.

"Unaganizako za ine? Za ana anga?"

"Sindinaganize za aliyense, achemwali. Mwendo unangopita wokha."

"Bodza."

Anapukuta magazi ndi dzanja. "Chabwino. Ndinaganiza za ababa."

"Ndiye wapeza chiyani?"

Ndinamuuza kuti asadzapondenso pakhomo panga, ndipo anamvera. Ndi lamulo lokhalo limene anamvera moyo wake wonse.

Ku Casalvento anthu sanavomereze kuti goloboyi angachinyidwe pakati pa miyendo ndi mlamu wake popanda kugwirizana. A Saverio anali atateteza golo limenelo kuyambira ali mnyamata, anathyokapo zala, anagulukapo mano, koma m'mawa mwake tinapeza khoma la nyumba yathu litalembedwa kuti "Banja la a Yudasi". Kogula buledi ankanditumikira pomaliza, anthu onse atapita. Mwana wathu wamkulu anabwera kusukulu malaya atang'ambika. Mwini timu ya Casalvento anaisiya, osewera anabalalika, ndipo palibe timu imene inafuna goloboyi wachikulire wokhala ndi mbiri yotero. Chilimwe chisanathe tinasamukira ku Torrecupa.

Don Achille anawaitanitsa a Saverio n'kuwapatsa ntchito yokweza matumba mufakitale ya simenti. Anachita kulengeza pamsika kuti akukonza zimene wosewera wake anaononga, ndipo anthu anawatama kuti ndi munthu wa mtima wabwino. A Saverio ankabwera kunyumba atayera ngati mzukwa, nsidze zili mbuu. Sankalankhula za mpira. Ukayamba pa kanema ankapita kukakonza mpopi umene sunaonongeke.

Don Achille yemweyo anamuchotsa Cataldo mu timu Lachiwiri lotsatira masewero aja. Cataldo anaimbira matimu onse amene anawasewererapo ndi ena amene sanawasewererepo. Onse ankamuyankha mwaulemu kuti malo adzaza. Mmodzi yekha, mnzake wakale amene tsopano anali kochi, ndiye anamuuza zoona: "Chigolicho ndinachiona, m'bale wanga, n'chokongola. Koma ine ndingagone bwanji ndili ndi munthu amene sasunga pangano?" Nyuzipepala ina ya kumpoto inalemba kuti iye ndi chitsanzo cha chilungamo pa masewero. Amene analembawo sanamupatse ntchito.

Anakhalabe m'tauni chaka china, m'kachipinda ka pamwamba pa garaja ya msuweni wathu. Akalowa m'bala, anthu ankasintha nkhani. Chaka chimenecho Torrecupa inasewera moipa, ndipo pa tsiku lomaliza inali iyo tsopano yofunika kungofanana mphamvu. Timu imene inakumana nayo inalibe chopeza kapena chotaya. Don Achille anapita kukamwa khofi, koma anamwa yekha. Anatichinya mopanda chisoni, ochemerera awo akuimba kuti, "Kafunseni Cataldo! Kafunseni Cataldo!" Torrecupa inatuluka mu ligi ndipo sinabwererenso. Sabata yomweyo nkhope ija ya pamsika anaipaka laimu. Palibe anatchula kochi, kapena otchinga amene chaka chonse ankadutsitsa anthu ngati chipata cha msika. Wolakwa anali munthu amene sanaponde pabwalo chaka chathunthu.

Anapita kumpoto. Anapeza ntchito yoyendetsa kagalimoto konyamulira katundu m'nyumba yosungiramo matailosi. Ankawaimbira amayi pa Khirisimasi ndi pa Pasaka. Abambo akamva kuti ndi iye ankati, "Muuzeni ndagona."

Abambo anamwalira patapita zaka zingapo, m'nyengo yokolola maolivi. Cataldo anayendetsa galimoto kuchokera kumpoto n'kufika Misa itatsala pang'ono kuyamba. Anali atanenepa, akutsimphina, mutu wonse uli dazi. Anthu ena sanamuzindikire, ndipo amene anamuzindikira anayang'ana kumbali. Anawapsompsona amayi. Ine anandipatsa moni wapamanja ngati mlendo, ndipo ndinaulandira chomwecho.

Ponyamula bokosi, amayi ndiwo anakonza. Cataldo kutsogolo kumanja, a Saverio kutsogolo kumanzere. Anayenda msewu wonse wokwera kumanda mitu yawo italekanitsidwa ndi thabwa lokha, osayang'anana. Bondo la Cataldo linkagwedera pokwera, ndipo ndinaona a Saverio akukweza phewa kuti alandire kulemerako. Sindikudziwa ngati anachitira Cataldo kapena ankaopa kuti bokosi lingagwe.

Titamaliza, anthu akubalalika, awiriwo anapezeka ataima pachipata cha manda. Ine ndinali pafupi, ndikuwadikira amayi. A Saverio anayatsa fodya, chinthu chimene anachiyamba atasiya mpira.

"Alamu," anatero, osamuyang'ana, "funso limodzi."

"Funsani."

"Zoti munachinya, ndinasiya kuziganiza. Koma golo lonse lija linali lanu. Mukanamenya pakona, anthu akanati palibe goloboyi akanagwira. Ndikanakhalabe m'nyumba yanga. N'chifukwa chiyani pakati pa miyendo?"

Cataldo anayang'ana pansi, akukankha kamwala ndi nsapato. Ndinaganiza kuti apepesa. Ndikhulupirira kuti nayenso ankafuna kutero.

"Munatsegula nokha, alamu," anatero. "Ine ndinangoona mpata."

A Saverio anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene dokotala wamuuza zimene ankazidziwa kale. Anaponya fodya pansi asanamusute n'theka lomwe, n'kupita kukawagwira dzanja amayi.

Cataldo anati ayenera kukafika ku ntchito m'mawa. Amayi anamuchonderera kuti adye kaye, iye anati adya panjira. Galimoto yake inatsika msewu wa kumanda, n'kukhota pamsika, osaima.

Kunyumba amayi anali ataphika pasta ya anthu onse ndipo mbale ya Cataldo anali ataika kale patebulo. Inakhala pomwepo mpaka alendo onse anapita. A Saverio anaidya ataimirira, osaitenthetsa, chifukwa amayi samalola chakudya kutayidwa.